Pepani wa Mwini Ngolo

Tiyamike ndi Madalitso, ana anga, mwakula mukuseka nthabwala ina ya m'nyumba mwathu osadziwa komwe inachokera. Ndikataya tiyi pansalu ya patebulo, kapena ndikaiwala mchere kumsika, n'kunena kuti pepani, amayi anu amandifunsa kuti, "Pepani wake uti?" Inu mumangofa nako kuseka. Mwakulanso mukudabwa kuti bwanji anzanu patchuthi ankapita kumudzi kwa amayi awo koma inu ayi, chikhalirecho mudziwo uli pafupi, kuseri kwa Mitundu. Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi. Chipumireni pantchito mpando umandiyabwa. Ndimatuluka, ndimalowa, ndimakonza njinga yomwe sinawonongeke. Amayi anu atopa nane, ndiye akuti ndizilemba, mwina ndikhala pansi. Ndiyamba ndi nkhani imeneyi poti ndi yomwe imandiyendetsa kwambiri.

Nathenje, chaka chomwe ndinayamba ntchito

Za ubwana wanga sindichulutsa. Bambo ndi mayi anamwalira motsatizana ndisanayambe sukulu, ndipo ndinaleredwa ndi agogo anga, a Nangondo, omwe ankagulitsa fodya wa m'mphuno pamsika wa Nathenje. Agogo anali ogontha. Ntchito yanga inali kuima pambali pawo, kumva zomwe wogula wanena, n'kuwakuwira m'khutu. Tsiku lina mayi wina ananunkhiza fodyayo nati, "Gogoyu amathiramo phulusa, ndi wakuba." Ine ndinachita manyazi, ndiye ndinakuwa kuti, "Akuti abweranso mawa!" Agogo anamuyang'ana mayiyo, kenako anandikoka khutu mpaka ndinaimira zala. "Nkhope imeneyo si ya abweranso mawa. Nena mmene wanenera." Ndinanena. Anamutukwana mayiyo mpaka kukamufikitsa padepoti. Maphunziro anga a kumasulira anayambira pamenepo, n'kutheranso pomwepo.

Ntchito yanga yoyamba inali ya umesenjala pa kakhoti kena ka kumbali yomweyo ya Nathenje. Anandipatsa yunifomu yomwe mwini wake woyamba anali wonenepa kuposa ine, ndi njinga yoperekera zisamani, makalata aja oitanira munthu kumlandu. Machubu akatha tinkaphatika udzu m'matayala. Mapepala akatha tinkalemba kuseri kwa akale. Woweruza wathu, bwana Kamthunzi, ankakonda nsapato zowala ndi milandu yaifupi. Milandu yake inali yomweyi mukuidziwa: mbuzi zadya chimanga cha eni, wina wasuntha khonje wa m'malire a munda, wina akukana ngongole, mpongozi watsegula kalata ya mkamwini n'kukaiwerengetsa pachitsime. Ine ndinkaima pakhomo osalankhula, ndikuyang'ana nkhope ndi manja a anthu monga ndinazolowerera kwa agogo.

M'mawa wina womasulira wathu anadwala, anthu atadzaza kale m'mabenchi. Bwana Kamthunzi anandikodola.

"Iwe wosalankhulawe, Chingerezi umachimva?"

"Pang'ono, bwana."

"Pang'onopo pakwanira. Mlandu wa lero ndi wa mbuzi, ndipo mbuziyo sinapite kusukulu."

Umesenjala unathera pamenepo. Mwina mungafunse kuti womasulira ngwachiyani pomwe woweruza, wodandaula ndi woimbidwa mlandu onse amamva Chichewa. Malamulo analembedwa m'Chingerezi, ndipo zonse za m'khoti zimalembedwa m'Chingerezi. Zomwe munthu wanena zimadzera pakamwa pa womasulira, ndipo zomwe zatuluka pamenepo ndi zomwe cholembera chimatola. Mawu a mwini wake ankauluka, anga ndi omwe ankatsala.

Agogo atamwalira, nyumba yawo inagwa ndi mvula ndipo munda anayamba kulima ena. Ndinalibenso koti n'kuloza kuti uko ndi kwathu. Katundu wanga yense ankakhala m'sutikesi yachitsulo yomwe sindinkaimasula. Malaya ndinkatulutsa m'mawa, ndikachapa ndinkabwezera momwemo. Chaka chilichonse ndinkapempha kuti andisamutse. Bwana Kamthunzi anandifunsa kuti, "Ukuthawa chiyani, Mwale? Kuno kuli nsikidzi?" Sindinkadziwa chomwe ndikuthawa. Ananditumiza kumbali ya Nkhoma, ndinakhalako pang'ono, ndinapemphanso. Kenako anandiponya ku Mitundu.

Mitundu, chaka chomwe ndinakwatira

Amayi anu, a Nachisale, ndinawapeza akugulitsa tomato pamsika. Ndinagula tomato masabata ambiri ndisananene chilichonse, mpaka iwo anandifunsa ngati ndatsegula lesitilanti. Titakwatirana ndinapita kukakhala kwawo pachikamwini. Anzanga a kuntchito ankandiseka kuti munthu wa malipiro angakakhale bwanji pansi pa apongozi, koma ine ndinalibe kwathu kotengerako mkazi. Yemwe anandilandira ndi manja awiri anali mlongo wa amayi anu, Fanuwelo. Ndi iye anandisonyeza malo omangapo, anadula nane mitengo ya denga, ndipo sankandipatsa mpata wopuma.

"Alamu, kukhoti mumalankhula tsiku lonse mawu a eni ake. Anuanu munawasiya kuti?"

"Ndikusunga."

"Musunge bwino, angadyedwe ndi chiswe."

Fanuwelo anali mlimi wa fodya ndipo anali ndi njinga yopanda mabuleki. Akafika pamtsetse ankaponda tayala la kutsogolo ndi patapata mpaka kumveka fungo la mphira. Ndinamuuzapo kuti tikagule mabuleki. Iye anati, "Alamu, mabuleki ndi a anthu a malipiro. Ife tili ndi patapata."

M'nyumba imeneyo ndi momwe ndinamasula sutikesi koyamba. Malaya anakwera pachingwe, nsapato zinalowa kunsi kwa bedi. Iwe Tiyamike unabadwira momwemo. Kupempha kusamuka ndinasiya. Kuntchito woweruza wathu anali mayi Gondwe, ochokera kumpoto, omwe Chichewa ankachimva bwino kuposa ena a ife. Masana ankatigawira mtedza wokazinga, koma akalowa m'khoti sankamwetulira ngakhale mboni itagwa pabenchi. Womasulira ndinali ndekha. Ndikadwala, khoti nalo linkadwala.

Mitundu, nyengo yogulitsa fodya, Tiyamike akukwawa

Linali Loweruka m'mawa. Ndinkapita kumsika kudzera njira ya kutsidya kwa dambo, pomwe msewu umaoneka wonse ukutsikira pakamlatho. Ngolo yodzaza njerwa inkakwera mtunda kumbali yake, ng'ombe zikuyenda ngati zikuwerenga mapazi. Mwini wake sanakwere n'komwe, ankayenda pambali pa ng'ombezo. Pamwamba pa mtunda panatulukira njinga itanyamula belo la fodya. Ndinamudziwa Fanuwelo ndi chipewa chake chofiira. Ndinaona phazi likupita patayala. Ndinaona patapata ikuuluka. Mwini ngolo anakuwa n'kukokera ng'ombe zake kungalande, koma njinga inabwera ngati mwala ndi kumenya ngodya ya ngolo.

Dambo linali ndi matope, ndipo pomwe ndinkaoloka ndikukankha njinga yanga anthu anali atadzaza kale. Mwini ngolo, mnyamata wotchedwa Yobe wa kumidzi ya kutali, anali atagwada, atanyamula mutu wa Fanuwelo pamiyendo pake. Ankangoti, "Pepani achimwene, pepani, pepani." Fanuwelo anamwalira tili m'njira yopita kuchipatala. Apolisi anamutenga Yobe, mwinanso pomupulumutsa kwa anthu. Palibe anandifunsa zomwe ndinaona, poti onse anandiona ndikufika mochedwa ndi matope m'miyendo. Omwe anafunsidwa sanaione ngoziyo, koma onse ananena chimodzi: "Amapepesa yekha, tinamumva."

Pamaliro amayi ake a Yobe anabwera ndi abale awo atasenza ufa ndi nkhuni, akukoka mbuzi, monga amachitira anthu. Amalume awo a amayi anu, a Zuze, omwe anali mwini mbumba, analandira zinthuzo n'kutembenukira kwa ife. "Mwaona? Avomera."

Ana anga, mawu oti pepani palibe anawamva kuposa ine. Ndili wamng'ono ndinakhala pamphasa pa maliro awiri, ndipo aliyense wondisisita kumutu ankati pepani. Palibe mwa iwo anapha makolo anga. A Zuze nawonso ankadziwa zimenezi, poti tsiku lomwelo mudzi wonse unkawauza kuti pepani. Koma panali mkazi wamasiye, a Nabanda, ndi ana anayi, ndipo anthu ankanong'onezana kuti Yobe akapezeka wolakwa ng'ombe zija zibwera kwa iwo. Sindiwaweruza. Ananu simunawaone ana aja akulira.

Maliro atatha a Zuze anandiitanira kuseri kwa chigafa cha malemu, fodya wina akadali popachikidwa.

"Akamwini, ife sitinakufunseni kwanu. Tinakupatsani mwana wathu, tinakupatsani malo. Lero ndi ife tikupempha. Pakamwa pa khoti ndinu."

"Ine ndimangonena zomwe munthu wanena, amalume."

"N'zomwe tikufunazo. Iye anati pepani. Inu mukanene kuti wavomera."

Kenako anawonjezera kuti, "Mkamwini woima ndi alendo amakakhala kwa alendoko. Mwamva?"

Ndinamva. Masabata otsatira sindinkatha kukhala malo amodzi. Ndikafika kuntchito ndinkafuna kunyumba, ndikafika kunyumba ndinkatenga njinga n'kumazungulira popanda kopita. Amayi anu anali atameta, akudya movutikira, ndipo ndinalephera kuwauza kuti mlongo wawo anadzigunditsa yekha. Ndinkadziuza kuti Yobe akana mlandu, mboni zoona ndi maso palibe, mlandu ugwa wokha, ine ndikhalabe ndi nyumba yanga. Tsiku lililonse ndinkadutsa pakamlatho paja. Patapata ija inali ikadali m'ngalande, lamba wake atadukira pakati, ndipo palibe ankaiona koma ine.

Tsiku la mlandu

Mudzi wonse unabwera. A Zuze anakhala benchi ya kutsogolo, a Nabanda pambali pawo atavala zakuda, amayi anu kumbuyo kwawo atakubereka iwe Tiyamike. Yobe anamulowetsa ataonda, poti nthawi yonseyi anali m'chitokosi. Analibe loya. Ndinamuwerengera mlandu m'Chichewa, woyendetsa ngolo mosasamala mpaka kuphetsa munthu, ndi kumufunsa kuti, "Ukuvomera kapena ukukana?"

Yobe sanayang'ane woweruza. Anayang'ana a Nabanda.

"Pepani," anatero.

Mayi Gondwe anakweza cholembera akudikira ine. M'Chingerezi mawu amenewa ndikanatha kuwalowetsa pakhomo la chisoni kapena pakhomo la kuvomera. Ndikudziwa kuti iwo akanamufunsabe mafunso ena, poti sanali othamanga, koma Yobe anali atafika poti chilichonse akanayankha kuti ee. Ndinamufunsanso.

"Akufunsa kuti, kodi unayendetsa ngolo mosasamala?"

"Munthu anafera pangolo yanga, bwana. Ndinganenenji ine? Pepani."

A Zuze anatsokomola. Khutu langa linatentha, lomwe lija agogo anakoka. Nkhope ya Yobe sinali ya munthu wovomera mlandu. Inali ya munthu yemwe ananyamula mutu wa mnzake pamiyendo. Ndinatembenukira kwa woweruza n'kunena m'Chingerezi kuti sindingamasulire mlandu umenewu chifukwa ndine mboni, ngoziyo ndinaiona ndi maso anga.

Mayi Gondwe anaika cholembera pansi. Anthu m'mabenchi ankayang'anana, osadziwa chomwe chachitika.

"A Mwale, masulirani zomwe mwanenazo kuti onse amve."

Panalibe wina woti n'kundimasulira. Ndinatembenuka, ndinayang'anizana ndi apongozi anga, ndipo ndinanena m'Chichewa mawu angaanga koyamba m'chipinda chimenecho. "Ndikuti ngoziyo ndinaiona. Ngolo inali kumbali yake. Njinga ya alamu anga inalibe mabuleki." A Nabanda analira mokweza. A Zuze ananyamuka n'kutuluka, ndipo mudzi unawatsatira. Amayi anu anatuluka omaliza, osandiyang'ana.

Muofesi mwawo mayi Gondwe sanandipatse mpando.

"Mwezi wonse mukudya nane mtedza, osanena kanthu?"

"Ndimayesa mlandu ugwa wokha, bwana."

"Womwalirayo ndi ndani wanu?"

"Mlamu wanga."

"Ndiye ngakhale mukanapanda kuona kanthu, simumayenera kuima pamenepo. Mukudziwa zimenezo." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Nanga lero mukagona kuti?"

"Sindikudziwa, bwana."

Analemba kuti Yobe wakana mlandu, anamupatsa belo, ndipo anapempha womasulira wina kuchokera kutauni. Atabwera, ndinalowa m'bokosi la mboni ndi kumva mawu anga akutuluka pakamwa pa munthu wina. Anawanena bwino. Apolisi anakaitola patapata ija. Yobe anamasulidwa.

Kubwerera ku Nathenje

Tsiku lomwe ndinalankhula m'khoti lija, nditafika kunyumba ndinapeza sutikesi yanga pakhonde, italongedzedwa kale, nsapato atazimangirira pamwamba ndi luzi. Anyamata a a Zuze anali atakhala pansi pa mtengo akundiyang'ana. Ndinakweza sutikesiyo panjinga n'kubwerera kuofesi, komwe ndinkagona pabenchi ya mboni mpaka mlandu unatha. Ndinapemphanso kusamuka, ulendo uno ndisakufuna. Anandibwezera ku Nathenje.

A Zuze anamwalira asanandipatsenso moni. Yobe ndinamva kuti chaka chilichonse pokolola ankabwera ndi ngolo yake kudzatuta chimanga cha a Nabanda popanda womutuma, ndipo m'mudzimo ankati, "Mwaona? Akuvomerabe." Masiku ano anthu amabwera pakhonde pano kudzandifunsa za malamulo, poti amati ndinakalambira m'khoti. Wina foni yake aitsegula n'kufalitsa zithunzi, wina akukangana ndi mnansi za mpanda. Mwezi watha kunabwera mnyamata wa kabaza yemwe anagunda munthu, akufunsa ngati apite kumaliro, poti anzake akumuopseza kuti akapepesa ndiye kuti wavomera. Ndinamuuza kuti ine si loya. Kenako ndinamuuza kuti apite, anyamule nkhuni, anene pepani, koma akafunsidwa kupolisi afotokoze zomwe zinachitika kuyambira pachiyambi, osati pepani yekhayo.

Koma ndadumpha. Ndisananyamuke ku Mitundu ndinapita kukawaona amayi anu. Kumudzi sindikanalowa, ndiye ndinadzera kudimba. Ndinawapeza akuthirira tomato, iwe Tiyamike uli kumsana. Anandiona ndikubwera koma sanasiye kuthirira. Ndinaima pamzere nthawi yaitali, chipewa chili m'manja.

"Pepani, mayi a Tiyamike."

Sanatembenuke. "Pepani wake uti?"

Ndinadziwa kuti ndikangonena kuti ndinalakwa kukhoti, iwo akawauza a Zuze, mwina sutikesi n'kubwereranso m'nyumba. Ndinadziwanso kuti akufunsa kuti amve zoona.

"Wa Fanuwelo," ndinatero. "Anali m'bale wanga nanenso. Wa kukhoti ndilibe."

Anapita kuchitsime, anatunga, anabwerera, anathirira mzere wina wonse mpaka kumapeto. Ine ndili chiimire.

"Patapata ija ndinamugulira ndine," anatero. "Ndinkamuuza za mabuleki, ankangondiseka." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunyamulanso keni yawo yothiririra. "Mukafika ku Nathenjeko mupeze nyumba yokhala ndi khitchini. Ine sindiphikira pabwalo ngati wapaulendo."

Anabwera tomato atatha, atasiya munda wawo, dimba lawo ndi manda a mlongo wawo. Nyumba ndinali nditaipeza, ngakhale khitchini yake inkadontha. Tsiku lomwe anafika anatsegula sutikesi yanga, anakhuthulira malaya pabedi, n'kuikokera kukhitchiniko. Anathiramo nyemba mpaka kudzaza, nati, "Tione ngati muinyamulenso." Ndi ija mwakula mukukhalira posenda mbatata.